Mwana wolephera Fomu 4 amakhala atagwa kale mu Sitandade 1

Chaka chilichonse bungwe la MANEB likangotulutsa zotsatira za mayeso, Blantyre yense amasanduka bwalo la milandu. M'minibasi ya ku Bangwe, pa wailesi, pa Facebook, ngakhale pamaliro podikira nsima, nkhani imakhala imodzi: sukulu za boma zatha. Ena amati aphunzitsi a masiku ano mtima uli pa geni. Ena amati ana aonongeka ndi mafoni. Aphunzitsi nawo amaloza makolo, kuti mwana amabwera wopanda kope, wopanda pensulo, m'mimba muli gwaa. Mu 2020 okhoza mayeso a Fomu 4 a MSCE anali 41 pa 100 aliwonse, ndipo m'zaka zotsatira akhala akungopitirira theka pang'ono. Ine ndinkalowa nawo mkanganowu ndi mtima wonse, chala changa chikuloza kumene anzanga ankaloza. Amene anandisintha maganizo ndi mwana wa mchemwali wanga.

Linali Loweruka masana, nditapita kukawaona. Mtsikanayo anali mu Sitandade 4 pa sukulu ina ya boma mumzinda muno. Mayi ake, monyadira, anamuuza kuti awawerengere amalume ake. Anatenga buku la Chichewa lothothoka chikuto, anakhala pamkeka, n'kuyamba. Mawu ankatuluka bwinobwino, mokweza, ndi kamvekedwe koimba kaja kamene aliyense wodutsa pulayimale amakadziwa. Ndinamuombera m'manja. Kenako, mongocheza, ndinaika chala pakati pa tsamba n'kufunsa kuti, "Nanga apa palembedwa chiyani?"

Anangoti zii. Maso anachoka pa buku n'kupita kudenga, milomo ikugwedera pansipansi. Ndinazindikira kuti akuyambanso nkhani yonse mumtima kuti akafike pamene pali chala changa. Atasokonezeka anati, "Amalume, ndiyambire pamwamba." Ndinatenga pepala n'kulembapo mawu akuti madzi. Anayang'ana nthawi yaitali, anatchula "ma", n'kuthera pomwepo. Mchemwali wanga analowa m'nyumba n'kutuluka ndi malipoti a sukulu. "Achimwene, komatu amakhoza. Onani, sanabwerezepo kalasi." Sankanama. Mwanayo sankajomba, ndipo ndi wochangamuka: mukamutuma pamsika, chenji amabwera nacho chokwana. Anali atakhala m'kalasi zaka zinayi, ataloweza masamba athunthu ndi makutu, koma kuwerenga asakudziwa.

Poyamba ndinayesa tsoka la pakhomo pathu. Kenako ndinaona kuti ana otere ndiye ochuluka. Kafukufuku wa MICS amene ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba inachita mu 2019 ndi 2020 anapeza kuti mwa ana 100 a zaka 7 mpaka 14, pafupifupi 19 okha ndi amene ankatha kuwerenga kankhani kakafupi n'kuyankha mafunso ake. Pa masamu oyambirira anali pafupifupi 13. Kumbuyoko, mu 2007, mayeso a SACMEQ, amene anayerekeza ana a Sitandade 6 a m'mayiko a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, anaika Malawi kumapeto penipeni pa kuwerenga. Choncho zotsatira za Fomu 4 zimene timalira nazo ndi chipatso chabe cha zimene zinachitika zaka zoposa khumi zapitazo, mwanayo ali ndi zaka 6 kapena 7, m'chipinda chimene palibe mtolankhani amakalowamo.

Kuti timvetse mmene tinafikira pano tibwerere ku 1994. Chaka chimenecho boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale, ndipo m'miyezi yochepa ophunzira anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ana amene ankaweta mbuzi, amene ankalera ang'ono awo, amene makolo awo ankalephera kandalama kaja, onse anakhamukira ku sukulu. Ganizo limenelo ine sindidzalinyoza. Anthu ambiri amene lero akugwira ntchito m'maofesi a mumzinda muno akanathera pakhomo chitseko chija chikanapanda kutseguka. Vuto linali lakuti ana anafika zipinda zisanamangidwe, mabuku asanasindikizidwe, aphunzitsi asanasulidwe. Boma linalemba mwachangu aphunzitsi pafupifupi 20,000, ambiri osadutsa ku koleji, anawapatsa maphunziro a masabata ochepa, choko m'manja, kalasi ndi iyo. Pulogalamu ya MIITEP inabwera pambuyo pake kudzawasula ali kale pantchito. Chiyambire nthawi imeneyo sukulu zathu zikuthamangitsa chiwerengero cha ana ndipo sizinachipezebe, poti anthu akuchulukirabe. Kalembera wa 2018 anapeza Amalawi 17.5 miliyoni, ndipo mumzinda wa Blantyre mokha munali anthu pafupifupi 800,000.

Mzinda uno uli ndi mbiri yakale ya sukulu. Mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa mu 1876, sukulu yake ya HHI inatsegulidwa mu 1909. Koma tayang'anani mmene nyumba zakwerera mapiri ku Ndirande, ku Soche ndi ku Bangwe, mmene Mbayani, Chirimba, Chilobwe ndi Machinjiri zadzadzira. Anthu ochokera ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Chikwawa amabwera kudzasaka ganyu, ana ali kumbuyo. Nyumba za lendi zimamera sabata iliyonse, pamene sukulu ili pamalo omwe aja, ndi zipinda zongoonjezerapo ziwiri kapena zitatu, chifukwa malo omangapo sukulu yatsopano m'kati mwa makomboni ndi osowa.

Boma limafuna kuti chipinda chimodzi chizikhala ndi ana 60 ndi mphunzitsi mmodzi. Tikagawa ana onse a pulayimale m'dziko muno ndi zipinda zimene zilipo, chipinda chilichonse chimagwera ana pafupifupi 100, ndipo m'makalasi a ana aang'ono m'makomboni kupeza 150 si zachilendo. Tiyeni tiwerengere pang'ono. Phunziro la mphindi 30, ana 120. Mphunzitsi atafuna kumva mwana aliyense akuwerenga kwa mphindi imodzi yokha, pangapite maola awiri asanaphunzitse china chilichonse. Ndiye amachita chotheka. Amalemba pa bolodi, amatchula, n'kukuwa kuti, "Tonse!" Chipinda chimagwedezeka ndi mawu, ndipo wodutsa panja amati pano maphunziro ali m'chimake. Koma m'khamu limenelo ana a kutsogolo okha ndi amene akuona zilembo n'kuzilumikiza ndi maliwu ake. Enawo akutsatira pakamwa pa anzawo, monga timachitira kutchalitchi ndi nyimbo imene sitikuidziwa bwino. Mwana wa kumbuyo wakhala pa simenti, bolodi lili kutali, buku limodzi akulimbirana anayi kapena asanu, mwina kwa iye laima chadodolido. Belu likalira, makope 120 akudikira kuchongedwa, ndipo mphunzitsi sangaone kuti uyu amasokoneza b ndi d, uyo sanagwire nkomwe kuti zilembo zimayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja. Mwana wotere amaphunzira luso limodzi, kubisala m'mawu a anzake, ndipo luso limeneli limamufikitsa kutali, mpaka Sitandade 4 ngati wa kwathu uja.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti zochepa zimene tili nazozo timazigawa mozondoka. Pitani pa sukulu iliyonse yodzaza, funsani kuti madesiki ali m'kalasi iti. Mukawapeza ku Sitandade 7 ndi 8. Chipinda chosadontha chili komweko. Ku Sitandade 8 ana achepa, koma aphunzitsi amagawana maphunziro, uyu masamu, uyu Chingerezi, uyu sayansi. Amalawirira m'mamawa, amatsalira masana, ena amaphunzitsa ndi pa holide pomwe. Sitandade 1 ndi 2, kumene ana ali unyinji, ndiko kumapatsidwa mthunzi wa mtengo kapena kashedi kopanda makoma, ndipo mvula ikangoyamba kuwaza sukulu ya tsikulo yathera pomwepo. Ahedi sachita izi mwankhanza. Sukulu yawo imatchuka kapena kunyozeka malinga ndi chiwerengero cha ana osankhidwa kupita ku sekondale. Palibe amene amabwera kudzawafunsa kuti ndi ana angati a Sitandade 2 akutha kuwerenga chiganizo. Ifenso makolo timayamba kuonekera pa sukulu mwana akafika kalasi ya mayeso. Za Sitandade 1 timati ndi zoimbaimba, angaphunzitse aliyense. Chikhalirecho kuphunzitsa mwana wa zaka 6 kuti aone liwu pa pepala ndi ntchito yofuna luso kuposa kulembetsa manotsi ku Sitandade 8.

Wina anena kuti nanga bwanji okhoza mayeso a Sitandade 8 a PSLCE amapitirira 80 pa 100 zaka zino? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amene amalemba mayeso amenewo ndi otsala. Pafupifupi theka la ana athu samaliza pulayimale, ndipo pali sukulu zina zimene zimabweza ofooka ku Sitandade 7 kuti asadzaipitse mbiri. Chaka ndi chaka, mwana mmodzi mwa anayi kapena asanu amabwereza kalasi, makamaka m'makalasi oyambirira. Wobwerezayo amakumana ndi khamu lomwe lija, kaphunzitsidwe komwe kaja, ndipo iye mwini amaonjezera kudzaza kwa chipinda cha amene angoyamba kumene. Akabwereza kawiri kapena katatu amakhala wamkulu pakati pa tiana, manyazi amamugwira. Mnyamata amapezeka akugulitsa mazira ophika pa depoti ya Limbe kapena ku Wenela. Mtsikana wa zaka 14 amene akadali mu Sitandade 5 amayamba kumvera zina. Pakhomo amati anatopa nayo sukulu, osadziwa kuti anakhala zaka zisanu ndi ziwiri akuyang'ana bolodi limene silinkamuuza kanthu.

Ngakhale Sitandade 1 si poyambira penipeni. Akuluakulu anati mmera mpoyamba, ndipo mawu omwewa ndi amene lero timatchulira maphunziro a ana osakwana zaka 6. Kale mwana ankayesedwa pogwira khutu dzanja litadutsa pamwamba pa mutu. Akalifikira, wakula, akayambe sukulu. Muyeso umenewo unkaona kutalika kwa mkono, koma zimene zimasiyanitsa ana pa tsiku loyamba sizioneka ndi maso. Wina amafika atagwirapo pensulo, akudziwa mbali yotsegulira buku, atamva nthano zambirimbiri, atazolowera kukhala pansi n'kumvetsera. Wina amafika asanaonepo buku la ana chibadwire. Onse awiri amalowa m'chipinda chimodzi, ndipo mphunzitsi, pokhala ndi ana 120, amayenda pa liwiro la woyambayo.

Palinso nkhani ya m'mimba. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Kupinimbira si kufupika msinkhu kokha. Ubongo umakula mofulumira kwambiri m'masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndipo chakudya chikaperewera nthawi imeneyo chipsera chake chimadzaonekera m'kalasi. M'tauni muno chilichonse n'chogula. Bambo akapanda kupeza ganyu palibe munda wothawirako, palibe chinangwa chakuseri kwa nyumba. N'chifukwa chake phala la kusukulu si nkhani yaing'ono. Bungwe la Mary's Meals linayambira kuno ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo amene amadutsa pafupi ndi sukulu za mu Blantyre m'mamawa amadziwa utsi wa m'khitchini, amayi ongodzipereka atadzuka kusanache kutakasa Likuni Phala m'mapoto akuluakulu, ana ali pamzere ndi makapu awo. Kwa ena kapu imeneyo ndiyo chakudya choyamba, mwinanso chodalirika, cha tsikulo. Phala limabweretsa mwana ku sukulu ndi kumukhazika mtima pansi. Kumuphunzitsa kuwerenga ndiye kumatsalabe m'manja mwa mphunzitsi mmodzi uja.

Sukulu za mkombaphala za m'madera, zimene amazitchula ma CBCC, zili pansi pa unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu, osati unduna wa zamaphunziro, ndipo gawo lake m'bajeti ndi laling'ono kwambiri. Alezi ambiri ndi ongodzipereka, ena osaphunzitsidwa ntchitoyo, amasonkhanitsa ana m'tchalitchi kapena m'kanyumba kobwereka, ndipo ufa wa phala ukatha ana nawo amasiya kubwera. Ana ambiri sadutsako n'komwe. M'tauni muno mpata umenewu watengedwa ndi ma nasale olipira. Ena ndi abwino ndithu. Ena ndi chipinda chimodzi chakuseri kwa nyumba, ana makumi anayi akuimba zilembo za Chingerezi tsiku lonse, popanda zoseweretsa, popanda buku. Tsono ganizirani mayi wogulitsa tomato pamsika wa Ndirande amene sangakwanitse ngakhale nasale yotchipayo. Mwana wake wa zaka zinayi ndi theka amusiya ndi ndani? Amapita naye ku pulayimale, amati wakwana zaka 6, chifukwa kumeneko n'kwaulere ndipo kuli phala. Sindimamuweruza mayi ameneyo. Koma zotsatira zake n'zakuti Sitandade 1 imasanduka nasale ya dziko lonse, yodzaza tiana tosakhwima timene tidzabwereze chaka chamawa. Ndalama imene tinakana kuika ku mkombaphala timailipirabe, pophunzitsa mwana mmodzi kalasi imodzi kawiri.

Chinanso chimene timachilambalala ndi chilankhulo. Chichewa n'chosavuta kuphunzira kuwerenga. Malembo a liwu ndi asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo mawu amatchulidwa mmene alembedwera. Mwana akagwira maliwu ndi maphatikizo, kuyambira ba, be, bi mpaka ovuta aja monga ng'o, nkha ndi mphwa, akhoza kuwerenga mawu alionse a Chichewa ngakhale amene sanawaonepo. Kuno ku Blantyre, ngakhale mwana wa pakhomo la Chiyao, Chilomwe kapena Chisena amasewera m'Chichewa ndi anzake, ndiye khomo limeneli ndi lotseguka kwa pafupifupi aliyense. Chingerezi sichili choncho, chilembo chimodzi chimamveka mosiyanasiyana. Kwa zaka zambiri ana akhala akuphunzira m'Chichewa mpaka Sitandade 4, kenako kuyambira Sitandade 5 mabuku ndi mayeso zimatembenukira ku Chingerezi. Lamulo la zamaphunziro la 2013 linati chilankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi, koma m'kalasi mphunzitsi amasakaniza, apo ayi palibe angamve. Makolo ambiri mumzinda muno timayesa ubwino wa sukulu ndi mmene mwana akulankhulira Chingerezi, ndipo n'zomveka, poti ntchito ndi mayeso zili m'Chingerezi. Koma luso lowerenga munthu amaliphunzira kamodzi, ndipo amaligwira msanga m'chilankhulo chimene amachimva. Wowerenga bwino Chichewa amalowa m'Chingerezi atanyamula kale chida. Amene sanagwire Chichewa, akafika Sitandade 5 amakumana ndi sayansi m'chilankhulo chachilendo, m'zilembo zimene sanazizolowere, ndipo amangokopera za pa bolodi ngati akujambula chithunzi. Makope ake amadzaza bwinobwino, moti kholo likawaona limakhutira.

Boma linazindikira vutoli. Mu 2016 linayambitsa ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga m'makalasi a Sitandade 1 mpaka 4, mothandizidwa ndi USAID: mabuku atsopano, aphunzitsi kusulidwa pa kaphunzitsidwe ka maliwu. Njirayo ndi yabwino. Koma njira yabwino m'chipinda cha ana 150 imabwerera ku "Tonse!" komwe kuja. Ndipo poti ntchito zoterezi zimatsamira pa thumba la eni ake, mu 2025 boma la America litatseka ntchito zambiri za USAID tinaona kuipa kodalira mnansi pa chinthu chimene ndi maziko a nyumba yako.

Apa tafika pa ndalama. Mu 2015 mayiko anagwirizana ku Incheon kuti boma lizipereka 15 mpaka 20 pa 100 ya bajeti yake ku maphunziro. Kuno kwathu maphunziro amakhala m'gulu la nthambi zolandira zambiri, ndiye papepala zimaoneka ngati zili bwino. Koma mphika wake ndi waung'ono, odyapo ndi ochuluka. M'mabajeti a zaka zaposachedwa ndalama zolipira chiwongoladzanja cha ngongole za boma zaposa zimene zapita ku maphunziro onse. Pa zimene zimafika ku pulayimale, gawo lalikulu kwambiri limathera ku malipiro a aphunzitsi, ndipo zotsalira zomangira zipinda, kugula mabuku ndi kukonza zimbudzi ndi nyenyeswa. Wophunzira mmodzi wa ku yunivesite ya boma amadya ndalama zochuluka kwambiri kuposa mwana wa Sitandade 1, chonsecho amene amafika ku yunivesite ndi ochepa zedi, ambiri ochokera m'mabanja opezako bwino.

Pali thandizo limene boma limatumiza mwachindunji ku akaunti ya sukulu, la SIG, limene ahedi ndi komiti ya sukulu amagwirizana mmene aligwiritsire ntchito. Ganizo lake n'labwino, chifukwa eni sukulu ndiwo amadziwa podontha. Koma mukaigawa ndalamayo ndi chiwerengero cha ana, aliyense simungamugulire makope a teremu imodzi. Nthawi zambiri imafika mochedwa, ndipo Kwacha itagwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, choko, mapepala ndi simenti zinakwera pamene ndalamayo sinathamange nawo. Sukulu ya m'tauni ilinso ndi mabilu amene ya kumudzi ilibe: madzi a pampopi, mlonda woteteza mawindo ndi madesiki kwa akuba, kupopa zimbudzi zimene ana masauzande amadzaza msanga. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri makomiti akhala akupempha makolo ndalama ya chitukuko, ndipo m'malo ena mwana wosalipira amabwezedwa kapena kumanidwa lipoti, ngakhale lamulo limati pulayimale ndi yaulere komanso yokakamiza. Boma limaletsa mchitidwe umenewu, ndipo likulondola. Koma kuletsa kopanda kubwezeretsa ndalamayo kumangosiya bilu ya madzi pa tebulo la ahedi.

Nanga aphunzitsi? Alipo ojomba, alipo ofika mochedwa, alipo amene amasunga mphamvu zawo kuti akazigulitse pa pataimu masana, ndipo zimenezo n'zolakwika. Alangizi a zamaphunziro, a PEA, amene amayenera kuyendera makalasi, amakhala ndi sukulu zambiri pa zoni imodzi, mafuta a njinga yamoto ali operewera. Koma taganizirani mphunzitsi amene palibe nyumba ya sukulu, akulipira lendi ya mu Blantyre, kukwera maminibasi awiri kupita ndi awiri pobwerera, malipiro akufika atadulidwa kale ngongole, zaka khumi pa giredi imodzi osakwezedwa. Kuti afike m'kalasi tsiku ndi tsiku n'kuimirira pamaso pa khamu lija ndi nkhondo. Chodabwitsa n'chakuti achinyamata omaliza maphunziro a uphunzitsi ku Blantyre TTC ndi makoleji ena akhala akudikira zaka osalembedwa ntchito, chifukwa boma lilibe zowalipira, pamene makalasi akusefukira. Blantyre ilinso ndi vuto lakelake. Aphunzitsi ambiri amakonda kukhala mumzinda, ena potsatira mabanja awo, choncho sukulu za m'tauni zimakhala ndi aphunzitsi ochulukirapo kuposa za ku Kunthembwe, Lirangwe kapena Mdeka. Kumudzi kumasowa aphunzitsi, m'tauni kumasowa zipinda. Mupeza aphunzitsi awiri kapena atatu ali ndi kalasi imodzi ya ana 180 m'chipinda chimodzi, wina akuphunzitsa, ena akuchonga kapena kuletsa phokoso. Papepala chiwerengero cha ana pa mphunzitsi chimaoneka chabwino, koma mwana wa kumbuyo uja bolodi sakulionabe.

Pamwamba pa zonsezi panabwera masiku otayika. Mu Malichi 2020 sukulu zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, mpaka cha mu Seputembala ndi Okutobala. Kumayambiriro kwa 2021 zinatsekedwanso, kenako aphunzitsi ananyanyala ntchito. Mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera. Mu Malichi chaka chomwecho namondwe Freddy anagumula phiri la Soche n'kukokolola nyumba ndi anthu ku Chilobwe ndi madera ena, ndipo zipinda zophunziriramo zinasanduka misasa ya opulumuka. Mwana amene anayamba Sitandade 1 mu Seputembala 2019 anakumana ndi zonsezi asanafike Sitandade 5. Wa m'banja lopeza bwino anali ndi mabuku ndi wina womuphunzitsa pakhomo. Wa m'komboni anangokhala, ndipo sukulu zitatsegulidwa silabasi inapitirira ngati palibe chachitika.

Chimene chimachititsa kuti zonsezi zikhalitse n'chakuti anthu a mawu anachokamo. Aliyense wopeza kangachepe mu Blantyre amathamangitsira mwana ku pulayiveti, kuphatikizapo akuluakulu a boma, aphungu ndi aphunzitsi ena a m'sukulu za boma zomwezo. Sindiwanena, kholo lililonse limafunira mwana wake zabwino. Koma chimbudzi cha sukulu chikagwa, amene akanaimba foni n'kumveka alibe mwana pamenepo. Otsala ndi makolo amene amachoka m'nyumba kusanache kukasaka ya ndiwo, amene ena mwa iwo kuwerenga sadziwa, ndipo lipoti likati mwana wakhoza amakhulupirira. Kumapeto kwake, mwa okhoza PSLCE ambiri sapeza malo ku sekondale ya boma, ndipo ochuluka mwa osankhidwa amapita ku ma CDSS, sukulu za sekondale zoyendera za m'madera zimene zinachokera ku malo a maphunziro a patali a MCDE chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, zambiri zopanda labotale kapena laibulale yokwanira. Kumeneko mwana wowerenga movutikira amapatsidwa Biology ndi Chemistry m'Chingerezi, ndipo pakatha zaka zinayi dzina lake limasowa pa mndandanda wa MANEB.

Zina mwa zofunika kusintha n'zodula: zipinda, aphunzitsi, chaka chimodzi cha mkombaphala cholipiridwa ndi boma kwa mwana aliyense. Pali zoyesayesa, monga pulogalamu ya BEFIT imene inayamba mu 2023, yopatsa ana a makalasi oyambirira mpata wophunzira kuwerenga ndi masamu pa tabuleti, aliyense pa liwiro lake. Koma zina zili m'manja mwa ahedi ndi komiti ya sukulu lero lino. Chipinda chabwino ndi mphunzitsi waluso zikhoza kupita ku Sitandade 1 ndi 2. Kumene kuli aphunzitsi atatu pa kalasi imodzi, ana akhoza kugawidwa m'magulu malinga ndi pamene afika, osadziwa zilembo paokha, ophatikiza paokha, ngakhale gulu lina litakhala pakhonde. Pa msonkhano wa makolo, pambali pofunsa kuti asankhidwa angati, tikhoza kufunsa kuti ndi ana angati a Sitandade 2 akuwerenga paokha. Ndipo kholo lililonse lodziwa kulemba likhoza kutenga pepala, kulembapo mawu asanu amene sali m'buku la kusukulu, n'kumupatsa mwana.

Wa kwathu uja tinayamba naye pa a, e, i, o, u, ali mu Sitandade 4. Tinalemba maphatikizo pa zitsekerero za mabotolo, ndipo madzulo alionse mkulu wake wa ku sekondale ankakhala naye pakhonde mphindi makumi awiri, kusuntha zitsekerero zija, ma ndi dzi, nyu ndi mba. Masabata oyamba ankalira, ankati anzake amuseka. Patatha miyezi itatu ndinakwera naye minibasi kupita ku Limbe, ndipo njira yonse ankawerenga mokweza zikwangwani za m'mbali mwa msewu, pang'onopang'ono, phatikizo ndi phatikizo: "Ti-ma-wo-tche-re-ra", "Pa-no ta-le-tsa ku-ta-ya zi-nya-la-la". Mayi wina amene tinakhala naye mpando umodzi ankamuthandiza pamene wakakamira. Teremu yotsatira analowa Sitandade 5, m'chipinda cha ana oposa 100, ndipo mabuku onse kupatula la Chichewa anali m'Chingerezi.